Ndiyamike bwanji Mulungu nkhokwe ili pululu?

Funso

Mayi wina wa kufupi ndi Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique, walemba kuti: "Abusa, amuna anga anamwalira chaka chatha atadwala miyezi ingapo. Chimanga chinapsa ndi ng'amba, ngongole ya feteleza idakalipo, ndipo abale a malemu anabwera kudzatenga ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Ndatsala ndi ana anayi. Kumpingo tikuyandikira Sabata la masika, ndipo mnzanga wina wa m'chigwirizano wandiuza kuti mavuto anga sakutha chifukwa ndine wosayamika. Ndikamaimba nyimbo zoyamika ndimadziona ngati wonama. Ndiyamike bwanji Mulungu pamene mumtima mulibe? Kodi ndikuchimwa?"

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi zonse zakugweranizi. Imfa ya bambo a m'nyumba payokha ndi mtolo wokwana, koma inu mwasenzanso ng'amba, ngongole ndi achibale olanda. Akuluakulu sananame kuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndikuona kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Ayi, simukuchimwa chifukwa chowawidwa mtima. Ndipo mnzanuyo, ngakhale mwina ananena pofuna kukuthandizani, walakwitsa. Maganizo akuti kuseri kwa tsoka lililonse kuli tchimo la mwiniwake ndi akalekale, ndipo Baibulo limawadziwa bwino. Ndi amene anali nawo anzake atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Anthuwa anayamba bwino ndithu: anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu poona kukula kwa chisoni chake. Zinthu zinaipa atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufunira mlandu. Kumapeto kwa bukulo, pa Yobu 42:7, Mulungu akukwiyira iwowo, nati sananene zoona za Iye monga ananenera mtumiki wake Yobu. Tsono Yobu amene akuyamikiridwa apayu ndi yemwe uja anatemberera tsiku limene anabadwa m'chaputala 3, yemwe uja anafunsa Mulungu mafunso olasa machaputala ambirimbiri. Timakonda kuwerenga pa maliro mawu ake a pa 1:21, akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga, lidalitsike dzina la Yehova, n'kutseka Baibulo pomwepo ngati kuti Yobu sanalankhulenso. Analankhula, analira, anadandaula, ndipo Mulungu sanamutaye.

Ambuye Yesu nawonso anakana maganizo amenewa poyera. Ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, anayankha kuti si iyeyo ndiponso si makolo ake (Yohane 9:3). Za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa kuposa ena onse a m'Yerusalemu (Luka 13:4-5). Ifenso maso tili nawo. Ng'amba ya El Niño imene inaumitsa Febuluwale wa 2024 kuyambira kuno ku Tete mpaka Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sinayende ndi kaundula wa mpingo posankha minda yopsereza. Namondwe wa Ana atadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize mu Januwale 2022, madzi analowa m'nyumba za opemphera ndi za osapemphera chimodzimodzi. Choncho mlandu umene mwasenzetsedwawo utuleni. Si wanu.

Tsopano tibwere ku mtima wa nkhaniyi. Ambiri tinakula tikuganiza kuti kuyamika ndi kulira sizingakhale pamodzi, kuti wolira ayambe wapukuta misozi ndiye ayamike. Buku la Masalimo, limene linali buku la nyimbo la Aisraele ndi la Yesu mwini, silikudziwa lamulo limenelo. Mwa masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Tsegulani Salimo 13. Lili ndi mavesi 6 okha, koma Davide akufunsa Mulungu kanayi konse kuti "kufikira liti?" Akumufunsa ngati adzamuiwala mpaka kalekale, ngati adzapitiriza kumubisira nkhope. Kenako, m'mavesi awiri omaliza, akuti wakhulupirira chifundo cha Mulungu ndipo adzamuimbira chifukwa anamuchitira zokoma. Pakati pa vesi loyamba ndi lomaliza palibe chimene chasintha panja. Mdani akadalipo. Munthu yemweyo, m'pemphero lomwelo, wanena zoona ziwiri: kuti zikumuwawa, ndi kuti Mulungu anamuchitirapo zabwino. Chiyamiko cha Mkhristu pa nthawi ya mavuto chimaoneka chonchi.

Palinso Salimo 88, limene ndimafuna kuti wamasiye aliyense alidziwe. Limeneli silifika n'komwe pa kuyamika. Limayamba ndi kulira usana ndi usiku, n'kuthera mu mdima, woimbayo akunena kuti abwenzi ndi okondedwa amuchokera. Komabe Mzimu Woyera analola kuti likhale m'Baibulo, pakati pa nyimbo zoimbidwa m'nyumba ya Mulungu. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kuti pali masiku ena amene munthu wa Mulungu angathe kungofika pamaso pake ndi kulira basi, ndipo pempherolo limalandiridwa. Chokhacho chimene woimba wa Salimo 88 sanachite ndi kusiya kulankhula ndi Mulungu. Mu mdima momwemo akumutchabe Mulungu wa chipulumutso chake.

Taonaninso Ambuye pa manda a Lazaro. Pa Yohane 11:35 analira. Mavesi ochepa kutsogolo, pa 11:41, anakweza maso kumwamba nayamika Atate kuti anamumva, Lazaro akadali m'manda tsiku lachinayi. Ife tomwe zimenezi timazidziwa pa maliro athu. M'nyumba ya siwa amayi akulira mokweza, panja azibambo ali pamoto, ndipo akwaya akuimba zotamanda mpaka mbandakucha. Palibe amene amalowa kukauza namfedwa kuti aleke kulira popeza panja pakuimbidwa, ndipo palibe amene amatontholetsa kwaya popeza m'nyumba muli misozi. Vuto limabwera pakapita miyezi, anthu atabalalika, pamene timayamba kuyembekezera kuti wamasiye akhale atachira, pomwe kwa iye mwina ndi nthawi imene chisoni chafika pachimake.

Vesi limene mnzanuyo ayenera kuti anali nalo m'mutu ndi 1 Atesalonika 5:18: "M'zonse yamikani, pakuti ichi ndi chifuniro cha Mulungu cha kwa inu, mwa Khristu Yesu." Ndi lamulo ndithu, sindingalichepetse. Koma tiyenera kudziwa amene analemberedwa. Mpingo wa ku Tesalonika unabadwa pakati pa chipolowe. Machitidwe 17 akutiuza kuti Yasoni, amene analandira Paulo m'nyumba mwake, anakokeredwa kwa akulu a mzinda, ndipo Paulo ndi Sila anathawitsidwa usiku. Pofika nthawi ya kalatayi, ena mumpingomo anali atamwalira, ndipo otsala anali ndi chisoni ndi mafunso. Paulo pa 4:13 sakuwaletsa kulira. Akuti asalire monga anthu opanda chiyembekezo. Ndiye mawu oti "m'zonse yamikani" akupita kwa anamfedwa ndi ozunzidwa, kuchokera kwa munthu wa zipsera za zikoti pamsana. Si chikwapu chomenyera wofooka.

Wina adzakuwerengeraninso Aefeso 5:20, pamene akuti tiziyamika chifukwa cha zonse. Vesilo ndi loona, koma silingatanthauze kuti tiziyamikira choipa ngati kuti n'chabwino. Paulo yemweyo amatcha imfa mdani (1 Akorinto 15:26), ndipo m'chaputala chomwecho cha Aefeso akuti ntchito za mdima tizizidzudzula (5:11). Simukuyenera kugwada n'kunena kuti "zikomo kuti amuna anga anamwalira" kapena "zikomo kuti ng'ombe zinalandidwa." Mwina tsiku lina mudzaona zimene Mulungu anatulutsa m'zowawazi, monga Yosefe anauza abale ake kuti iwo anamupangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino. Koma Yosefe ananena mawu amenewo patapita zaka zoposa 30 chigulitsidwireni, ndipo choipacho anachitchabe choipa. Munthu wina asakukakamizeni kunena lero zimene Yosefe ananena atakalamba.

Amene tinaphunzira Katekisima wa Heidelberg wa 1563, umene mipingo ya Reformada imagwiritsa ntchito, tili ndi thandizo lina pamenepa. Funso 27 limatchula mvula ndi chilala, zaka za zokolola ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi, kuti zonsezi sizitigwera mwangozi koma zili m'dzanja la Atate. Funso 28 likafunsa phindu lodziwa zimenezi, yankho lake limatchula zinthu zitatu: kuti tikhale opirira pa mavuto, oyamika pa mtendere, ndi odalira Atate wokhulupirika pa za m'tsogolo. Olemba katekisimayu anali abusa odziwa mtima wa munthu. Chipatso choyamba chimene anayembekezera kwa munthu wa m'mavuto ndi kupirira. Inu mukudzuka m'mawa, mukuphikira ana, mukupitabe kutchalitchi, mwalemba kalata yofunsa za Mulungu. Kupirira kumene akunenako ndi kumeneku, ndipo musakuyese kanthu kakang'ono.

Nanga za kudziona wonama? Bodza ndi kunena chimene ukudziwa kuti si choona. Mukaimba kuti Mulungu ndi wabwino, kodi mukunena chimene mukudziwa kuti n'chabodza, kapena mukunena chimene mumakhulupirira koma lero simukuchimva kukoma? Ndikuganiza kuti ndi chachiwirichi. Kumva kwa mumtima kumasinthasintha ndi njala, tulo ndi kutopa, koma zimene Mulungu anachita mwa Khristu sizisintha nazo. Paulo ali m'ndende analembera Afilipi kuti anachita kuphunzira kukhutira, kaya wakhuta kaya ali ndi njala (4:11-12). Chinthu chophunzira chimatenga nthawi, ndipo wophunzira sachita manyazi kuti sanafike. Komabe ngati pali ndime ya nyimbo imene ikukanika kutuluka pakhosi, musaikakamize. Khalani chete pa benchi, mpingo ukuimbireni. N'chifukwa chake sitipemphera aliyense payekha kunyumba kwake. Chaka china inuyo mudzaimbira wina amene pakhosi pake padzakhale patatsekeka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kukuchenjezani mwamphamvu, chifukwa chafala kuno kwathu, m'misika ndi m'mawailesi momwe. Pali alaliki amene asandutsa chiyamiko kukhala malonda: yamika kuti zitseko zitseguke, bzala mbewu ya ndalama kuti ngongole ithe. Mawu a mnzanu aja, mukawayang'anitsitsa, ali ndi muzu womwewo, wakuti Mulungu wagwira madalitso m'manja akudikira kuti mumulipire ndi "zikomo." Mulungu amene anapereka Mwana wake tikadali ochimwa sagulitsa chifundo chake. Musagulitse mbuzi yotsala kapena chitini cha mbewu kuti mukapereke kwa munthu amene akukulonjezani kuti mavuto atha sabata ino. Amasiye ndi amene amadyeredwa kwambiri m'njira imeneyi, ndipo Yesu anadzudzula atsogoleri achipembedzo olusira nyumba za akazi amasiye (Marko 12:40).

Ngati chiyamiko si kumva kukoma ndiponso si malipiro, ndiye n'chiyani? M'Baibulo, kuyamika kumayenda ndi kukumbukira, ndipo kukumbukirako kumatchula zinthu mayina. Pa Deuteronomo 26, Mwisraele wobweretsa dengu la zipatso zoyamba sankangolitula n'kuchoka. Ankayenera kufotokoza mbiri: kuti kholo lake linali munthu woyendayenda, kuti anatsikira ku Ejipito ali ochepa, kuti anazunzidwa, analira, Yehova anamva, nawatulutsa. Ukapolo ndi misozi zinali mkati mwa mawu a chiyamiko. Ife a kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tili nayo mbiri yathu yotere. Kaya munabadwira kuno kaya ku Dedza kapena ku Ntcheu kothawa nkhondo, mukudziwa kuti makolo athu anasiya minda, nkhokwe ndi makola n'kuwoloka malire usiku atasenza ana. Panafika nthawi imene Malawi inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Akatolika analira ansembe awo awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Alves Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera mu Okutobala 1985. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera napeza midzi itasanduka thengo, nayambanso ndi khasu ndi mbewu zopempha. Mbatatesi, nyemba ndi chimanga zimene magalimoto amanyamula lero kuchokera ku Ulónguè kupita nazo ku Tete ndi ku Beira zinamera pa mabwinja amenewo.

Sindikukumbutsani zimenezi kuti ndinene kuti ena anavutika kuposa inu. Mawu amenewo satonthoza munthu, ndipo chiyamiko chomangidwa pa tsoka la mnzako n'chosalimba. Ndikukumbutsani kuti muli ndi umboni, wa m'banja mwanu momwe, wakuti Mulungu anayendapo ndi anthu ake pamene analibe kalikonse. Mneneri Habakuku, kumapeto kwa buku lake, anatchula zosowa zake chimodzichimodzi: mkuyu wosaphuka, mpesa wopanda zipatso, minda yosabala, khola lopanda nkhosa, ndi makola opanda ng'ombe. Ndikawerenga mawu amenewa ndikuona pakhomo panu. Atatha kutchula zonsezo ndi pamene anati adzakondwerabe mwa Yehova, Mulungu wa chipulumutso chake (3:17-18). Sananene kuti nkhokwe yadzaza. Chimene anapeza ndi chakuti atachotsa munda ndi khola, Mulungu anatsalabe, ndipo anali wake.

Tsopano zochita. Sindikupatsani zambiri, chifukwa munthu wotopa safunika ntchito yowonjezera.

Madzulo, ana atagona, musanapemphe chilichonse, yendaninso m'maganizo tsiku lonse kuyambira m'mawa, ndipo mutchule kwa Mulungu chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mwalandira. Zikhale zenizeni, za tsiku lomwelo: mayi woyandikana naye amene anakupatsani mchere, mwana amene thupi linasiya kutentha, ganyu amene anapezeka, madzi amene akadalipo kudimba. Musanene "zikomo chifukwa cha zonse," chifukwa mawu otero amaterera pakamwa osakhudza mtima. Mukatha, muuzeninso Mulungu chimene chakuwawani tsiku limenelo, mosabisa, monga Davide. Njira imeneyi si yanga. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha ansembe a Chijezuwiti omwe anatsegula mishoni ya Lifidzi, ankaphunzitsa anthu ake kuunika tsiku lawo pamaso pa Mulungu, ndipo gawo loyamba la kuunikako linali kuyamika. Danieli nayenso, atamva kuti lamulo lomuponyetsa m'dzenje la mikango lasainidwa, anagwada katatu pa tsiku kupemphera ndi kuyamika monga ankachitira kale (6:10). Chimene chinamugwira tsiku loopsalo ndi chizolowezi chimene anali nacho masiku a mtendere. Masiku ena mudzasowa chotchula. Tsiku lotero werengani Salimo 88, kapena nenani Pemphero la Ambuye, mugone.

Pa chakudya musasiye kuyamika mokweza, ngakhale nsima ili ya gaga ndipo ndiwo ndi nkhwani zopanda nsinjiro. Pa Machitidwe 27, ngalawa ya anthu 276 inali itakankhidwa ndi namondwe masiku 14, anthu osadya chifukwa cha mantha. Paulo anatenga mkate, nayamika Mulungu pamaso pa onse, nayamba kudya, ndipo enawo analimba mtima nadya. Ngalawayo inasweka ndithu kutacha, koma anthu anali ndi mphamvu zofikira kumtunda. Ana anu akukuyang'anani momwemo. Safunika kuona mayi wosalira. Akuoneni mukulira, akuoneninso mukuyamika pa mbale, adziwe kuti zonse ziwiri zimaloledwa m'nyumba ya Mkhristu. Mungathe kuwerenga nawo Salimo 136, limene lili ndi mavesi 26 ndipo lililonse limatha ndi mawu akuti chifundo chake n'chosatha. Inu muziwerenga chiyambi cha vesi, iwo aziyankha. Mukafika kumapeto, aliyense awonjezere vesi lake la pakhomo panu. Musaope kutchulamo bambo awo: zaka zimene munakhala nawo, nyumba imene anamanga, zimene anaphunzitsa ana. Kuyamika Mulungu chifukwa cha moyo wa malemu kumatulutsa misozi, koma ndi misozi yabwino, ndipo ana amasiye amafuna kumva dzina la bambo awo likutchulidwa.

China n'chakuti muyamike anthu. Kalata ya kwa Afilipi, ija yodzaza ndi chimwemwe, mbali ina ndi kalata yothokoza chifukwa cha thandizo limene Epafrodito anabweretsera Paulo kundende. Kumbukirani amene anabweretsa nkhuni ndi ufa pa maliro, amene anakumba manda, amene anagona nanu pa siwa. Pitani kwa mmodzi kapena awiri mukanene zikomo. Nthawi zambiri mtima umene wakanika kuyamika Mulungu wosaoneka umayamba kumasuka poyamika munthu wooneka amene Mulungu anamutuma.

Nkhani ya ng'ombe ndi ngolo ndisaidumphe, chifukwa ndikuopa kuti wina adzakuuzani kuti Mkhristu woyamika amangosiya zonse m'manja mwa Mulungu. Ku Filipi, Paulo ndi Sila anaimbira Mulungu nyimbo pakati pa usiku, mapazi ali m'matangadza. Kutacha, akulu a mzinda atatumiza mawu kuti amasulidwe mwakachetechete, Paulo anakana. Anati anawakwapula poyera osaweruzidwa pomwe iwo ndi nzika za Roma, choncho akuluwo abwere okha adzawatulutse (Machitidwe 16:37). Pakamwa pomwe panaimba usiku ndi pomwe panafunsa chilungamo m'mawa. Ng'ombezo ndi zolimira ndi zodyetsera ana a malemu. Lamulo la chuma cha masiye limene dziko lathu linakhazikitsa mu 2019 linaika ana ndi mkazi kapena mwamuna wotsala patsogolo pa achibale ena. Yambani ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mupemphe mkulu wa mpingo akhalepo. Zikakanika pitani kwa amfumu ndi ku khoti la m'mudzi. Zikapitirira apo, ofesi ya boma yotchedwa IPAJ imathandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Chitani zimenezi mopanda chipongwe, pokumbukira kuti anthuwo ndi abale a ana anu mpaka kalekale, koma musachite manyazi. Yesu mwini anapereka chitsanzo cha mkazi wamasiye amene sanatope kupita kwa woweruza mpaka mlandu wake unamveka (Luka 18). Za ngongole ya feteleza, pitani msanga kwa amene munakongola mukafotokoze za imfa ndi ng'amba, mupemphe kubweza pang'onopang'ono, musadikire kuti abwere okha pakhomo.

Ndinenenso za thupi lanu. Chisoni cha imfa chimatenga nthawi yaitali, ndipo si matenda. Koma ngati papita masabata ambiri simukugona, simukudya, mukulephera kudzuka kusamalira ana, kapena mukubwera maganizo oti bola kufa, musazitenge ngati kuchepa kwa chikhulupiriro. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Eliya atagona pansi pa mtengo napempha imfa, Mulungu sanayambe ndi ulaliki. Anamupatsa chakudya, madzi ndi tulo kawiri konse asanalankhule naye (1 Mafumu 19).

Tsono za Sabata la masika. Pitani. Musakhale kunyumba chifukwa cha manyazi oti anzanu adzasenza matumba inu mulibe. Pa 2 Akorinto 8:12 akuti mphatso imalandiridwa monga momwe munthu ali nazo, osati monga momwe alibe. Ngati kudimba kuli mpiru, tengani mtolo umodzi. Ngati muli ndi mazira awiri amene simukuchotsa pakamwa pa ana, tengani amenewo. Ngati mulibe chilichonse, pitani chimanjamanja, mukasese m'tchalitchi kapena mukathandize kulongedza zimene ena abweretsa. Musakongole kuti mupeze chopereka, ndipo musatenge pa chakudya cha ana.

Apa ndilankhulenso ndi abusa anzanga, akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a chigwirizano amene akuwerenga. Chaputala chomwe chija cha Deuteronomo 26, chimene timakonda kulalikira pa masika, pa vesi 12 chikulamula kuti chakhumi cha chaka chachitatu chipite kwa Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kuti adye nakhute m'midzi yathu. Ndiye kuti m'dongosolo la Mulungu, mayi amene walemba kalatayi ali m'gulu la olandira pa tsiku limeneli. Mpingo umene umaunjika matumba kutsogolo, kuwagulitsa onse kuti ugule malata, uku wamasiye wa pa benchi lachitatu akubwerera ku nkhokwe yopanda kanthu atauzidwa kuti ndi wosayamika, sunawerenge chaputalacho mpaka kumapeto. Malata ndi ofunika, sindikukana, koma gawo la amasiye lipatulidwe poyamba, ndipo liperekedwe mwaulemu, kunyumba kwawo, osati powaimiritsa kutsogolo kuti anthu awaombere m'manja.

Mayi, ngati kumpingo kwanu kulibe dongosolo lotere, kambani ndi mkulu wa mpingo wa m'dera lanu kuti akatule nkhaniyi ku bwalo la akulu Sabata la masika lisanafike, ndipo mumupemphe yemweyo kuti adzakhale nanu tsiku lokumana ndi ankhoswe pa nkhani ya ng'ombe. Mnzanu uja musamusungire mangawa. Mukapeza mpata muwerenge naye Yobu 42 ndi Salimo 13, chifukwa adzakumananso ndi amasiye ena ndipo ndi bwino adzawalankhule mosiyana. Ndikukupemphererani inu ndi ana anu anayi, ndipo mundilemberenso mundiuze mmene nkhani ya kwa ankhoswe yayendera.